Mawu a Mbusa: Kodi ndi mwano, kapena ndi chibadwa?

Nkhani imene tatenga lero dzina lake ndi lachilendo m'makutu mwathu, koma anthu ake ndi athu omwe, ndipo tikamafotokoza ambiri a inu muyamba kuona nkhope ya wina wake wa kwanu.

Pafupifupi m'dera lililonse muli munthu wamkulu, wa zaka 30, 40 kapena kuposerapo, amene anthu anatopa naye. Mukakumana naye panjira amangodutsa osapereka moni, kapena amaupereka mouma ngati akuwerenga pa pepala. Pa msonkhano wa banja amanena poyera chinthu chimene aliyense akuchidziwa koma palibe wofuna kuchitchula. M'tchalitchi amakhala pa benchi imodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo tsiku limene mlendo wakhala pamalo pakepo, iye amangoima chilili kapena kubwerera kunyumba. Maina amene amapatsidwa tonse tikuwadziwa: wamwano, wodzimva, wouma mtima, wopepera, chidzete. Zikafika poipa, manong'onong'o amamveka oti analodzedwa, kapena kuti bambo ake anamukhwimira kuti chigayo chiziyenda bwino.

Ena mwa anthu otere ali ndi chimene madokotala amachitcha autism. Ku zipatala za kuno mudzamva akuti autismo, m'Chipwitikizi. Si nthenda yopatsirana, ndiponso si misala. Ndi mmene ubongo wa munthu unaumbikira kuyambira asanabadwe, kotero kuti amamva, amaona ndi kumasulira zochita za anzake mosiyana ndi ambiri a ife. Mwana wobadwa nacho amakula nacho, nakalamba nacho. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO likunena kuti m'chaka cha 2021 munthu mmodzi mwa anthu 127 aliwonse anali ndi autism. Tikayerekeza chiwerengero chimenechi ndi mpingo wa anthu 500, ndiye kuti tikukamba za anthu anayi. Ena a iwo salankhula konse ndipo amafuna wowasamala moyo wawo wonse. Ena anakwatira, ali ndi ana, amalima kachewere ndi kutumiza matumba ku Tete. N'chifukwa chake akatswiri anasiya kugawa maina ambirimbiri, ndipo tsopano amachiona ngati chinthu chimodzi chokhala ndi milingo yosiyanasiyana.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi inkatengedwa ngati ya ana okha. Dokotala wachizimayi wa ku Moscow, Grunya Sukhareva, analemba za ana otere m'chaka cha 1925. Leo Kanner wa ku Baltimore ku America analemba za ana 11 m'chaka cha 1943, ndipo Hans Asperger wa ku Vienna analemba zake m'chaka cha 1944. Komatu ana amakula. Pamene a ku England anayenda m'makomo kufufuza anthu akuluakulu, zotsatira zimene anafalitsa m'chaka cha 2011 zinaonetsa kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 100 anali ndi autism, ndipo ambiri a iwo anali asanauzidwepo ndi dokotala aliyense. Ngati zinali chomwecho m'dziko lodzala ndi zipatala, nanga kwathu kuno? Kumbukirani kuti anthu amene lero ali ndi zaka 40 kapena 50 anakula m'nthawi ya nkhondo, ambiri ali othawa kwawo ku Dedza ndi ku Ntcheu, kufikira mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mayi amene ankathawa ndi mwana kumbuyo ndi mtolo pamutu analibe mpata wofunsa chifukwa chimene mwanayo anachedwera kulankhula. Anakula, anthu anamuzolowera, dzina lachipongwe linamumatirira. Ndipo wina asatinamize kuti imeneyi ndi nthenda ya azungu. Maganizo amenewo analipo kale, koma Victor Lotter atayendera maiko angapo a mu Africa anafalitsa m'chaka cha 1978 kuti ana a autism anawapeza kunonso.

Mwana woyamba pa mndandanda wa Kanner tiyenera kukhalapo pang'ono, chifukwa moyo wake wonse unalembedwa, kuyambira ubwana mpaka imfa. Dzina lake anali Donald Triplett, wobadwa m'chaka cha 1933 m'tauni yaing'ono ya Forest, ku Mississippi. Ali ndi zaka ziwiri zokha ankatha kunena pamtima Salmo 23 ndi mafunso 25 a katekisma ya Chipresibeteriya pamodzi ndi mayankho ake, koma mayi ake akamuitana sankatembenuka. M'chaka cha 1937 makolo ake anakamusiya kumalo osungirako ana, ndipo chaka chotsatira anakamutenganso. Atakulako anakakhala zaka zingapo kwa banja lina la alimi. Alimiwo ataona kuti mnyamatayo amakonda kuyeza zinthu, anamupatsa ntchito yokumba chitsime kuti azinena kuya kwake. Ataona kuti amangowerenga mizere ya chimanga mobwerezabwereza, anamuuza kuti aziwerenga mizereyo uku akulima. Anthu amenewa sanapite ku sukulu ya udokotala. Anangoyang'ana chimene mwana amakonda, nachimangirira ku ntchito. Donald anamaliza maphunziro a ku koleji, anaphunzira kuyendetsa galimoto, anagwira ntchito ku banki ya m'tauni yakwawo kwa zaka zambirimbiri, ndipo anamwalira mu June 2023 ali ndi zaka 89. Mpaka ukalamba wake sanali munthu wodziwa kucheza, ndipo anali ndi chizolowezi chopatsa anthu manambala. A m'tauniyo anazilandira, ndipo atolankhani amene anapita kukalemba za iye anachenjezedwa kuti asamuchitire chipongwe. Tisabise kuti banja lake linali ndi ndalama, ndipo ndalama zimatseka pakamwa pa anthu ambiri. Koma chitsime ndi mizere ya chimanga zija sizinafune ndalama.

Tsono zizindikiro zake kwa munthu wamkulu n'zotani? Mabuku a madokotala analembedwa kumaiko kumene anthu amayang'anana m'maso polankhula, choncho amatchula msanga za munthu wopewa maso. Kwathu chizindikiro chimenechi chimabisala, pakuti mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo mkamwini amayang'ana pansi akakumana ndi apongozi. Kumene munthu wa autism amagwidwira kwathu kuno ndi pa chilankhulo, chifukwa ife timalankhula mozungulira, mophiphiritsa, ndipo theka la zimene tikutanthauza timalisiya kuti mnzathu alitole yekha. Munthu akamanyamuka amati "ndikubwera", ndipo tonse timadziwa kuti wapita; m'bale wathuyu amakhala pomwepo kumudikira. Mukamuuza kuti "mawa" pomwe mukutanthauza tsiku lina lililonse, iye m'mawa kuli mbuu wafika pakhomo. Akadutsa pamene anthu akudya namva "bwerani tidye", sadziwa ngati ndi mawu aulemu chabe kapena akumuitanadi, ndipo kulikonse kumene angagwere anthu amuseka. Mukamufunsa "muli bwanji" angathe kukufotokozerani za bondo lake kwa mphindi khumi. Mkulu akamudzudzula ndi mwambi pa bwalo, onse amamva kuti walasidwa, mwini wake yekha osamva; kenaka amati ndi wosamva kamwana, wonyoza akulu. Mayi akafunsa ngati chitenje chawo chatsopano chikuwakhala, iye amayankha zoona. Sanafune kupweteka munthu. Anafunsidwa funso ndipo anayankha.

Chachiwiri ndi kukonda kuti zinthu zizichitika mofanana tsiku ndi tsiku. Njira yopitira kumunda ndi imodzi, kapu ndi imodzi, nthawi yodya ndi imodzi, ndipo chikasintha mwadzidzidzi mtima wake umagwa ngati wa munthu amene wasochera m'nkhalango usiku. Pamodzi ndi ichi pamabwera chidwi chachikulu pa chinthu chimodzi. Wina amadziwa manambala a malole onse odutsa msewu wa ku Kalomwe. Wina mukangoyamba mawu atatu a nyimbo wakuuzani kale nambala yake m'buku. Wina amadziwa ng'ombe iliyonse ya m'makola a mudzi wonse, mayi wake ndi chaka chimene inabadwa, ndipo akayamba kufotokoza saona kuti womvera watopa. Ena amagwedeza thupi, amapukusa manja kapena kung'ung'udza kanyimbo kamodzimodzi. Zimenezi zimawakhazika mtima pansi, ndipo kuwamenya kuti asiye kuli ngati kulanda ndodo ya munthu wotsimphina.

Chachitatu anthu ambiri sachidziwa, koma eni ake amati ndi chimene chimawazunza koposa. Makutu, khungu, mphuno ndi lilime lawo zimamva mopyola muyezo, kapena mosakwanira. Phokoso la chigayo, mvula pa malata, njinga zamoto pa msika wa Ulongwe, kwa iye zingakhale ululu weniweni m'mutu. Kolala ya malaya imamuluma. Therere kapena nsima ya mibulu sizingadutse pakhosi pake ngakhale ali ndi njala, ndipo amatchedwa wosankha zakudya. Wina m'malo mwake samva ululu msanga: amapsa ndi moto wa m'nyumba m'miyezi yozizira ya June ndi July osafuula, kapena amayenda ndi bala lotukusira osanena. Phokoso, anthu ndi zosintha zikachuluka nthawi imodzi, zimasefukira. Wina amakuwa, kudzimenya kapena kuthawa. Wina amangouma, osayankha, ngati wagontha. Panthawi imeneyo kumuzungulira ndi kumufunsa mafunso ndi kuthira palafini pamoto. Chimene chimathandiza ndi malo a zii, munthu mmodzi amene amamukhulupirira, ndi nthawi.

Za amayi tiyenera kunena padera. Kawirikawiri amuna opezeka ndi autism amachuluka katatu kapena kanayi kuposa akazi, koma ofufuza akuona kuti akazi ambiri amangophonyedwa chifukwa amaphunzira kubisa. Mtsikana amayang'anitsitsa anzake, amaloweza mmene amasekera ndi mmene amagwadira, nachita chimodzimodzi ngati sewero. Kwathu mtsikana wachete timamuyamika kuti ndi wofatsa, ndipo malangizo a anamkungwi amamupatsa malamulo omveka amene angawatsate bwino lomwe. Vuto limadzaonekera ku banja, pamene ayenera kulandira alendo osayembekezeka, kucheza ku mjigo, kumva zimene apongozi sananene ndi pakamwa, ndi kulera makanda olira usiku wonse. Sewero la tsiku lonse limatopetsa. Akafika m'nyumba amagwa ngati wadwala, ndipo mwamuna amapita kwa ankhoswe kukadandaula kuti mkaziyu ndi waulesi ndi wosakonda abale.

Komabe tisathamange kumata dzina limeneli pa aliyense wachete. Autism imayamba pa ubwana, ndipo amene anamulera angakumbukire kuti anali wosiyana ndi anzake kuyambira akukwawa. Munthu amene anali bwinobwino nayamba kusintha pa unyamata, kumva mawu amene ena sakuwamva kapena kuopa kuti akumusaka, ameneyo ali ndi nthenda ina yofuna mankhwala msanga. Palinso amene anavulala ubongo ndi malungo aakulu ali mwana, amene samva bwino m'makutu, ndi amene anaona zoopsa pa nkhondo natseka pakamwa. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya achipatala. Ife tikulemba kuti mudziwe funso loyenera kufunsa.

Nanga chimayambitsa n'chiyani? Kwakukulu ndi za kumtundu. Kafukufuku wa m'chaka cha 2019 amene anaona anthu oposa 2 miliyoni m'maiko asanu anapeza kuti pafupifupi magawo 80 mwa 100 a chiyambi chake ndi otengera m'magazi. N'chifukwa chake nthawi zina mwana akapezeka nacho, achibale amayamba kukumbukira malume kapena agogo amene analinso chimodzimodzi. Kubadwa masiku asanakwane ndi kuvutika pobadwa kumaonjezera mpata. Kale kunja kunali chiphunzitso chonena kuti wolakwa ndi mayi wosakonda mwana wake. Chinazunza amayi ambiri ndipo chinatayidwa. Kunabweranso mphekesera ya katemera, yochokera kwa dokotala wina wa ku England, Andrew Wakefield, m'chaka cha 1998. Magazini imene inasindikiza nkhani yake inaichotsa m'chaka cha 2010, iye analandidwa chilolezo cha udokotala, ndipo a ku Denmark atatsata ana oposa 650,000 anafalitsa m'chaka cha 2019 kuti katemera wa chikuku sayambitsa autism. Tikunena zimenezi chifukwa mphekesera yomweyi tsopano ikuyenda pa WhatsApp, ndipo chikuku chimapha.

Za ufiti ndi kukhwima sitili tokha. Ofufuza a ku gombe la Kenya analemba m'chaka cha 2015 kuti makolo ambiri kumeneko ankaloza mizimu yoipa, ufiti ndi matemberero. Koma taganizani zimene kunena kotere kumachita pa banja limodzi. Bambo amene anavutika kugula chigayo ndi ndalama za fodya amasanduka mfiti. Mayi amanenedwa kuti analumpha mwambo ali ndi pakati. Mbuzi ndi ng'ombe zimathera kwa asing'anga, munthu amatemedwa mphini thupi lonse, ndipo abale amadana mpaka kumanda. Ife owerenga Mawu tikudziwa kuti funso lofuna wolakwa linafunsidwapo kale, pa Yohane 9, za munthu wobadwa wosaona, ndipo Ambuye sanaloze munthuyo kapena makolo ake.

Malo amene abale athuwa amavulalirapo kwambiri ndi pamaliro. Kwa ife maliro ndi muyezo wa umunthu: ukhalepo, ugone pa siwa, ulire nawo, upepese ndi mawu oyenera. Tsono talingalirani munthu amene kulira kwa anthu ambiri m'nyumba yopanikiza kumamulasa m'makutu, amene nkhope yake sionetsa za mumtima, amene mantha akamugwira amatha kumwetulira. Mayi ake amwalira, iye osagwetsa msozi, ndipo madzulo akupita kukatsekera ng'ombe pa nthawi yake ya masiku onse. Anthu amayang'anana. Pofika mawa nkhani yamveka kuti akudziwapo kanthu pa imfayi. Chisoni chake chilipo, ndipo mwina chidzatuluka patapita miyezi, mwa kusadya kapena kusagona. M'madera athu mawu oti "akudziwapo kanthu" aphetsa anthu. Mkulu wa mpingo amene akudziwa chibadwa cha munthu ameneyu ayenera kulankhula msanga kwa amfumu ndi kwa adzukulu, manong'onong'o asanakule.

Pa ntchito ndi pa malonda vuto ndi lina. Munthu amene amatenga mawu monga momwe anenedwera ndi wosavuta kumubera. Wogula kachewere akamuuza kuti sikelo ili bwino, amakhulupirira. Wosintha ndalama pa malire akamuuza mtengo wa kwacha ndi metikali, samakangana. Amalima ganyu tsiku lonse namuuza kuti adzalandira mawa, ndipo mawa lakelo silifika. Anyamata amamutuma kukanena zopusa kwa atsikana kuti aseke, ena amamutuma kunyamula katundu wakuba, ndipo wogwidwa ndi iye. Atsikana ndi amayi otere amagwiriridwa ndi anthu odziwa kuti sadzatha kufotokoza bwino pa bwalo. Ngakhale ku Britain, ofesi ya boma yowerengera anthu inapeza m'chaka cha 2021 kuti mwa akuluakulu 100 a autism, 22 okha ndiwo anali pa ntchito. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yeniyeniyo ambiri amaitha, ndipo mwina kuposa ife. Chimene chimawagwetsa ndi zozungulira ntchito: moni, nthabwala, kudziwa nthawi yokhala chete pamaso pa bwana.

Inu oweta ng'ombe mungakonde kumva za Temple Grandin, mayi wa ku America wobadwa m'chaka cha 1947, amene ali mwana anachedwa kulankhula ndipo anadzakhala pulofesa wa za ziweto ku Colorado State University. Iye ankalowa yekha m'mipata yodutsamo ng'ombe kuti aone zimene ng'ombe ikuona, napeza kuti imakana kuyenda chifukwa cha tinthu timene anthu ena sankatiganizira: chithunzithunzi pansi, tcheni cholendewera, kunyezimira kwa madzi, malaya opachikidwa pa mpanda. Makola ndi mipata yokhotakhota imene anakonza ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Diso lomwelo limene limavutika ndi gulu la anthu ndi limene linaona tcheni chija. Sitikunena kuti aliyense wa autism ali ndi mphatso yodabwitsa. Ambiri alibe, ndipo sayenera kukhala nayo kuti tiwalemekeze.

Tifike tsopano pa nyumba yathu ya mapemphero. Masiku ano mpingo uliwonse ukufuna zokuzira mawu, ndipo zikafika timazitsegula mpaka malata kunjenjemera. Alipo akhristu amene anasiya kubwera chifukwa cha chimenechi, ndipo m'buku analembedwa kuti ndi ofooka. Kutsitsa mawu pang'ono, kapena kulola munthu kukhala pafupi ndi khomo kuti atuluke akafuna popanda womuloza chala, sikuwononga chipembedzo. Pa kalasi, wina amaloweza mayankho onse koma akafunsidwa mwa njira ina amangoti kakasi. Wina amamvetsa bwino koma pamaso pa akulu asanu ndi awiri pakamwa pamauma. Kumufunsa pamalo a phee, ndi mkulu mmodzi kapena awiri, si kuchepetsa mwambo. Ndipo munthu akabwera pa bwalo la mpingo ndi mlandu wa mwano kapena wa kusamvana m'banja, akulu ayambe afunsa kwa amene anamulera kuti anali wotani ali mwana. Ankhoswe nawonso aphunzire kulangiza banja lotere ndi mawu olunjika. Kuuza mwamuna wotere kuti "muzisamala mkazi wanu" n'kutaya nthawi. Kumuuza kuti mkazi akadwala iye akatunge madzi ndi kumufunsa kawiri pa tsiku mmene akumvera, adzachita mokhulupirika kuposa amuna ambiri.

Chimodzi tichinene mosapsatira. Kugwira munthu wotere ndi manja ambiri, kumukuwira m'makutu usiku wonse kuti chiwanda chituluke, kumumanga zingwe kapena kumumana chakudya, ndi kumuzunza. Akakuwa ndi kuphupha pamenepo, ochita zimenezi amati chiwanda chayankha, pamene ndi ululu wa phokoso ndi mantha. Timapempherera odwala shuga osawakuwira, ndipo pemphero la pa munthu ameneyu lingakhale lachete, lalifupi, atafunsidwa kaye ngati alola kumugwira pa phewa.

Zotsatira za zaka zambiri za kusekedwa ndi kudzibisa ndi zolemera. Nkhawa ndi matenda a kukhumudwa zimachuluka pakati pa akuluakulu a autism. Pa chipatala china ku Cambridge anafunsa anthu 374 amene anangouzidwa kumene ali akuluakulu, ndipo lipoti la m'chaka cha 2014 linaonetsa kuti awiri mwa atatu aliwonse anaganizapo zodzipha. Munthu wotere akanena kuti watopa ndi moyo, musayese nthabwala, pakuti si munthu wolankhula zophiphiritsa. Musamusiye yekha, mankhwala a m'munda atsekeredwe kutali, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Khunyu nayonso imapezeka kawirikawiri pakati pawo kuposa pakati pa anthu ena, ndipo khunyu ili ndi mankhwala ake.

Autism yeniyeniyo ilibe mankhwala oichotsa, ndipo aliyense wokugulitsani botolo kapena muzu wonena kuti uchiza akufuna ndalama zanu. Chimene chipatala chingachite ndi kusiyanitsa autism ndi matenda ena, kuchiza khunyu, kusowa tulo ndi kukhumudwa, ndi kulangiza banja. Zipatala zazikulu za matenda a maganizo m'dziko muno zili kutali, ku Infulene ku Maputo ndi ku Nampula, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 boma lakhala likuphunzitsa anthu otchedwa técnicos de psiquiatria, amene amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Poyambira ndi pamenepo: funsani ku chipatala cha ku Ulongwe, ndipo iwo akaona kufunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha ku Tete. Amene ali ndi abale ku Malawi adziwe kuti a St John of God ali ndi ntchito ya zamaganizo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Popita, tengani munthu amene anamuona ali khanda, mayi, azakhali kapena mlongo wamkulu, chifukwa mafunso ambiri adzakhala a zaka zoyamba: analankhula liti, ankasewera ndi anzake kapena yekha, ankaloza zinthu ndi chala, ankatembenuka akaitanidwa. Mwini wake auzidwe kusanache kumene mukupita ndi chifukwa chake, osamunamiza kuti mukupita kumsika. Ambiri amene anauzidwa dzina la chibadwa chawo ali akuluakulu amanena kuti anapumula mumtima, chifukwa zaka zonse ankadziyesa anthu oipa.

Ku mbali ya malamulo, dziko la Mozambique linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala m'chaka cha 2012, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo ku Maputo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu amenewa. Tsiku la 2 April chaka chilichonse ndi lokumbukira za autism pa dziko lonse, kuyambira m'chaka cha 2008. Amayi a Chigwirizano ndi achinyamata angathe kutenga Sabata loyandikira tsikulo kuti akambirane nkhaniyi.

Funso limene amayi okalamba amatifunsa motsitsa mawu, mapemphero atatha, ndi lakuti: ine ndikadzapita, ameneyu adzakhala ndi yani? Nthawi zambiri mayi ndiye yekha amene amadziwa kuti mwana wake wa zaka 45 amadya chiyani, amaopa chiyani, ndipo akayamba kung'ung'udza mwa mtundu wakuti ndiye kuti dzino likumupweteka. Nzeru imeneyi imaikidwa m'manda pamodzi ndi mayiyo, ndipo pasanathe chaka munda wa mwanayo walimidwa ndi ena, iye akugona m'khonde la msika. Tikupempha akulu a mpingo m'dera lililonse kuti akhale pansi ndi mabanja otere mayi akadali moyo, pamodzi ndi mwini mbumba ndi amfumu. Agwirizane amene adzakhale naye, ndipo mwini wake afunsidwe amene akumufuna. Malire a munda wake ndi chiwerengero cha ziweto zake zilembedwe pa pepala pamaso pa mboni, pepala lina likhale kwa amfumu, lina m'buku la mpingo. Wachinyamata wodziwa kulemba akhale ndi mayiyo masana amodzi kapena awiri, alembe zonse zimene akudziwa za mwana wake, ngakhale zooneka zazing'ono ngati kapu imene amamwera. Ndipo amene adzamutengeyo ayambe tsopano kumamuchezera sabata ndi sabata, pa tsiku ndi ola lomwelomwelo, kuti pa tsiku la maliro asadzakhale mlendo kwa iye.